Kodi mwana wa manja aang'ono angathe ntchito yogwira mfuti?

Mayi wina wandilembera za mwana wake wamkazi amene wakhoza mayeso a MSCE ndipo akufunitsitsa kulowa upolisi kapena usilikali. Mtsikanayo ndi wamanzere, manja ake ndi aang'ono, ndipo amalume ake, omwe anagwirapo ntchito ya ulonda, akumuuza kuti asavutike chifukwa sangathe kugwira mfuti ya pisito. Mayiwo akufunsa ngati kuli bwino kumulangiza kuti ayang'ane ntchito ina.

Mayi, musamubweze mwanayo. Zimene amalume akunenazo zili ndi pochokera, pakuti pisito yosagwirizana ndi dzanja imavutadi kuwombera nayo molunjika, koma magulu ankhondo akuluakulu ataliona vutoli anasankha kusintha mfuti m'malo mosiya anthu.

Kuyambira mu 1985 asilikali a ku America ankagwiritsa ntchito pisito ya Beretta M9. Zipolopolo zake 15 zimakhala m'mizere iwiri m'kati mwa chogwirira, motero chogwiriracho n'chonenepa, ndipo kuti chipolopolo choyamba chituluke chala chimayenera kukoka kachitsulo kowombera mtunda wautali ndi mphamvu pafupifupi makilogalamu 5. Munthu wa zala zazifupi, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, chala chake cha mkombaphala chimangofika pakachitsuloko ndi nsonga yokha, ndiye amapotoza chikhatho mozungulira chogwirira kuti afikire bwino. Akatero mfuti imasiya kulunjikana ndi mkono, ndipo pamene akukoka, kukamwa kwake kumapatukira kumbali. Mphunzitsi wodziwa ntchito amazindikira zimenezi akangoona kuti mabowo onse papepala lowomberapo aunjikana mbali imodzi. Mu Januwale 2017 gulu lankhondolo linasankha pisito ya SIG Sauer P320, imene linaitcha M17 ndi M18. Chogwirira chake chimachotsedwa n'kuikapo chaching'ono, chapakati kapena chachikulu, kachitsulo kotsekera kuti mfuti isaphulike mwangozi kali mbali zonse ziwiri, ndipo batani lotulutsira magazini (kabokosi kosungira zipolopolo) limatheka kulisamutsira mbali ina kuti wamanzere asavutike. Kampani ya Glock ya ku Austria nayo inayamba mu 2010 kupanga mapisito okhala ndi tizidutswa towonjezera kumbuyo kwa chogwirira, ndipo asilikali a ku Britain anasankha Glock 17 ya mtundu umenewu mu 2013. Nzeru yake ndi yomwe ija ya mlimi amene amasema mpini wa khasu molingana ndi dzanja la woti alimire.

Pali mbali ina imene mwana wanu ayenera kuimva msanga. Anthu a masewero owombera ndi ena ogula mfuti ndi ndalama zawo amakangana kwambiri za pisito yokoma m'dzanja: ena amati chogwirira cha Glock n'chopendekera mopitirira, ena amatamanda pisito yakale ya ku America yotchedwa M1911 kuti imaloza yokha pamene diso layang'ana. Zokonda zimenezi si zabodza, popeza manja a anthu n'ngosiyanadi, koma n'za munthu amene ali ndi ufulu wosankha. Wapolisi kapena msilikali amanyamula mfuti imene wapatsidwa kumosungira zida, ndipo nthawi zina sikhala yatsopano yosintha chogwirira. Choncho luso limene lidzamuthandize ndi kumvera mphunzitsi ndi kubwereza kagwiridwe koyenera mpaka manja atazolowera: kugwira ndi manja awiri, dzanja lothandizira litaphimba mpata wonse wotsala pachogwirira, mkono utalimba kuti mfuti ikakankha pophulika ibwerere pamalo ake. Kagwiridwe kameneka kamachepetsa kwambiri kusiyana kwa dzanja lalikulu ndi laling'ono. Ndiwonjezerenso kuti ku usilikali chida chachikulu ndi mfuti yaitali yotsamiritsa paphewa, ndipo ku upolisi masiku ambiri amatha munthu akulemba umboni, kufufuza milandu kapena kuthandiza ochitiridwa nkhanza ku Victim Support Unit, kumene Chingerezi chomveka ndi mtima wodekha zimafunika kuposa kukula kwa chikhatho.

Pokonzekera, ayambe kuthamanga, kuchita masewero olimbitsa mapewa ndi mikono, ndiponso kufinya kampira kolimba tsiku ndi tsiku kuti zala zikhale ndi mphamvu. Apite kuchipatala akapimitse maso. Adziwenso diso limene limamutsogolera poloza: atambasule manja onse awiri, asiye kampata kakang'ono pakati pa zala, ayang'ane chinthu chakutali kudzera pakampatako, kenaka atsinzine diso limodzi pambuyo pa linzake, diso limene likuonabe chinthucho ndilo lotsogolera. Ena amakhala amanzere koma diso lotsogolera lili lakumanja, ndipo zimenezi auze aphunzitsi ake tsiku loyamba lophunzira zida, mopanda manyazi, kuti amuphunzitse kaimidwe komuyenera.

Chimene ndikukuchenjezani ndi mtima wonse n'chakuti pasapezeke wachibale wom'bwerekera mfuti kuti "ayesere" dzanja lake. Kupezeka ndi mfuti popanda chilolezo ndi mlandu waukulu m'Malawi, ndipo mbiri ya mlandu ingamutsekere ntchito yomwe akuifunayo. Kuwombera adzakuphunzira pamalo oyenera, kusukulu ya apolisi monga ya ku Limbe kapena ku Mtakataka, kapena kusukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima ngati asankha usilikali. Panopa asunge bwino satifiketi yake ndi chiphaso cha unzika, azitsatira zolengeza za boma zolemba anthu ntchito, awerenge mosamala zofunika pa zaka, msinkhu ndi thanzi zimene zalembedwamo, ndipo asapereke ndalama kwa aliyense wolonjeza kumupezera malo.