Mfuti imodzi yokha? Mundilole ndiyambe ndi ngoma yomwe ndinaivulaza

Wowerenga wina wandilembera imelo. Ndalama zake zikungokwanira mfuti imodzi yosakira nyama zikuluzikulu, ndipo anzake akumuumiriza kugula .300 Winchester Magnum, ati yocheperapo singagwetse kanthu. Agule iti?

Achimwene, mwandikhudza pachilonda, chifukwa ine ndinamvera anzanga otero.

Mfuti yanga yoyamba inali .300 Magnum yomweyo, yopepuka kunyamula. Tsiku loyamba kuiyesa pachandamale inandimenya paphewa moti usiku sindinagonere mbali ya kumanja. Sindinauze munthu. Ndinkati ndizolowera. Koma thupi linaphunzira mantha: ndisanawombere maso ankatsinzina okha, chala n'kukoka mwamphamvu, ine osadziwa.

M'mawa wina ngoma yamphongo inaima chopingasa, mamita ngati 120. Ndinaloza kuseri kwa mwendo wakutsogolo, koma chipolopolo chinakalowa m'mimba. Tinalondola tsiku lonse timadontho ta magazi akuda pa udzu, tosakanikirana ndi msipu womwe inadya. Tinaipeza mawa lake afisi atayamba kale. Nyama ija inavutika usiku wonse chifukwa cha ine, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa.

Patapita masiku, mlenje wina wachikulire anandipatsira mfuti yanga atachotsamo chipolopolo, osandiuza. Itangolira kuti kha, ndinapezeka nditatsinzina, mfuti yaloza pansi. Sananene kanthu. Anangondiyang'ana.

N'chifukwa chake sindikondwa ndi anthu amene amauza mlenje watsopano kuti agule Magnum. Akumulakwira, akuilakwiranso nyama. Chomwe chimapha msanga ndi chipolopolo cholowa pamalo oyenera, monga m'mapapo kapena mumtima. W.D.M. Bell, mlenje wakale wa ku Scotland, anapha njovu mazanamazana ndi 7x57 Mauser, kachipolopolo kakang'ono kopangidwa cha m'ma 1892, chifukwa ankadziwa penipeni pamene ubongo wa njovu uli. Musayese zimenezo, lamulo lakenso silikulolani masiku ano, koma onani pomwe panali mphamvu yake.

Chinanso chimene anzanuwo sakuchitchula ndi kapangidwe ka chipolopolo. John Nosler, mlenje wa ku America, anawombera moose, chinyama chachikulu cha ku Canada, ndi .300 H&H Magnum, chipolopolo n'kuphwanyikira paphewa osalowa mkati. Mfuti inali yamphamvu ndithu. Anapita kukapanga chipolopolo chokhala ndi khoma pakati: kutsogolo chimatambasuka, kumbuyo chimakhala chathunthu n'kumaboolabe. Ndicho Partition, chomwe anayamba kugulitsa mu 1948. Liwiro likachuluka, chipolopolo chofewa chimaphwanyika msanga, ndiye Magnum yanuyo, yomwe imaponya chipolopolo mwaliwiro lalikulu, imafunanso zipolopolo zolimba, zodula. Zikadula simuyeserera kawirikawiri, ndipo mantha aja amangokula.

Ndiye mugule iti?

.30-06 Springfield. Asilikali a ku America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1906, ndiye 06 ili m'dzinamo, ndipo kuyambira pamenepo alenje sanaisiye. Zipolopolo zake zimapezeka pafupifupi kulikonse komwe anthu amasaka, kuyambira zolemera 150 mpaka 220 grain (grain ndi muyeso wa kulemera kwa chipolopolo). Ine ndimaikamo 180 grain basi, ndipo zagwetsa njiri, nyumbu, ngoma ndi ntchefu. Ikakhala kuti ikukupwetekabe, tengani .308 Winchester: m'lifupi chipolopolo n'chimodzimodzi, kumenya kwake n'kocheperako.

Njati ndi nkhani ina. Mayiko ambiri a mu Africa salola mfuti yochepera .375 pa nyama zoopsa, choncho ngati njati ili m'maganizo mwanu, yankho ndi .375 H&H ya mu 1912, yolemera bwino kuti isakumenyeni kwambiri. Koma mu imelo yanu simunatchulemo njati.

Musanalipire, bwerekani .30-06 ndi .300 kwa anzanuwo, muwombere zipolopolo zisanu iliyonse, wina azikuikirani mfuti nthawi zina yopanda kanthu. Mundilembere zomwe maso anu achite.