Kodi TB ya m'khosi tiziitchula kuti chifuwa chachikulu?

Funso: Ndine mlangizi wa zaumoyo kwa Mkanda ku Mchinji. Tikauza munthu wotupa m'khosi kuti ali ndi chifuwa chachikulu amakana, amati satsokomola. Tizinena bwanji? Nanga mawu akuti cytokines, omwe tinamva pa maphunziro, ali ndi Chichewa chake?

Yankho: Achimwene, wodwalayo sakulakwa. Mawu akuti "chifuwa chachikulu" amaloza pamalo pomwe matenda akhala, ndiye munthu amene pachifuwa pake pali bwinobwino sangavomere. Koma kachilombo kake, komwe Robert Koch anakatulukira mu 1882, sikakhala m'mapapo mokha. Nenani kuti "TB ya anabere", kenaka muwonjezere kuti kachilombo ndi komweko ka chifuwa chachikulu.

Aliyense amamudziwa mwanabere: kambulu kotupa m'mphechepeche munthu akavulala kuphazi. Ameneyo amapweteka ndipo amaphwa bala likapola. Wa TB amakonda m'mbali mwa khosi, nthawi zambiri sapweteka, amakula pang'onopang'ono kwa masabata, ndipo angapo amatha kumamatirana. Musamutchule kuti chithupsa, chifukwa anthu akamva choncho amakafinya kunyumba. Si chithokomironso, icho chimatupa kutsogolo kwa khosi.

Za ma cytokines, ena amati "amithenga", koma ine sindigwirizana nazo. Mthenga ndi wamoyo, amayenda yekha. Ma cytokines ndi timapuloteni tomwe asilikali a m'thupi amatulutsa pouzana zochita, choncho ndi uthengawo. Nenani "timauthenga ta asilikali a m'thupi", ndipo ti- wa kumayambiriro kwa mawu asatayike: timeneti timaitana, timadzutsa, timaletsa.

Mayina a timauthengati asiyeni momwe alili, mungofotokoza ntchito. Asilikali omeza tizilombo amatulutsa IL-12, yomwe imadzutsa anzawo a CD4. Awa amayankha ndi interferon gamma, kulimbikitsa omezawo kuti aphe zomwe ameza. TNF imasonkhanitsa asilikali kuti amange mpanda kuzungulira tizilombo, pomwe IL-10 imaziziritsa nkhondoyo. Kutupa mukukuonako ndi mpanda umenewu. Pakati pake minofu imafa nkusanduka zoyera zokhuthala ngati chambiko, ndipo zikafewa zimaboola khungu nkumachucha. Kachilombo ka HIV kakachepetsa CD4, uthenga umafooka ndipo mpanda sugwira, n'chifukwa chake wodwala aliyense ayezetsenso magazi.

Makhololo akhoza osaonetsa kanthu, ndiye kuchipatala amakoka timadzi m'mwanaberemo ndi singano nkukayeza pa makina oyezera TB otchedwa GeneXpert. Mankhwala ndi a miyezi 6: miyezi 2 ya mitundu inayi, kenaka miyezi 4 ya rifampicin ndi isoniazid.

Mawu oti musamale nawo kwambiri ndi akuti "aphwa". Musalonjeze kuti anabere aphwa msanga. Kwa ena amayamba atupirapo mankhwala atayambika kale, chifukwa asilikali akulimbana ndi zotsalira za tizilombo takufa. Muuzeni wodwala kuti, "Akatupanso musasiye mankhwala, bwererani kuchipatala akakuoneni."