N'chifukwa Chiyani Akale a M'migodi ya Yorkshire Sakhululukirana?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wochokera ku Malawi, ndipo ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Barnsley ku England. Pali agogo awiri aamuna ochokera m'mudzi umodzi amene sapatsana moni ndipo amakana kudyera pamodzi. Anzanga akuti gwero lake ndi sitalaka ya m'migodi ya malasha ya 1984. Kodi chinachitika n'chiyani kuti udani ufike mpaka lero? — Wowerenga wathu, ku Barnsley

YANKHO: Mayi, dera la Yorkshire limene mukukhalalo ndi kumene moto unabukira. Mu Malichi 1984 bungwe la boma loyendetsa migodi, National Coal Board, linalengeza kuti litseka migodi 20, zomwe zikanachotsa anthu pafupifupi 20,000 pantchito. Zitamveka kuti mgodi wa Cortonwood, womwe sunali kutali ndi Barnsley, utsekedwa, anthu a ku Yorkshire ananyanyala ntchito, ndipo bungwe lawo la National Union of Mineworkers, lotsogozedwa ndi Arthur Scargill, linalimbana ndi boma la Margaret Thatcher kwa pafupifupi chaka chathunthu.

M'midzi imeneyo mgodi ndiwo unali moyo wa aliyense, chifukwa agogo, bambo ndi mwana onse ankalowa dzenje limodzi, ndipo masitolo ngakhalenso matimu a mpira ankadalira malipiro a kumeneko. Boma linali litaunjikiratu malasha m'malo opangira magetsi, choncho njala inayamba kuluma onyanyalawo pamene magetsi ankayakabe. Mabanja anagulitsa katundu wa m'nyumba n'kulowa m'ngongole. Amayi ndiwo anagwira mudzi: anatsegula makhitchini ophikira anthu onse pamodzi, ankayenda ndi zidebe kupempha thandizo m'matauni, ndipo ambiri anayamba kulankhula pamisonkhano koyamba m'moyo wawo. Kuzizira kutafika, anthu ankatola malasha m'milu ya zotsalira za mgodi, ndipo ku Goldthorpe anyamata awiri apachibale anafa dothi litawagumukira akukumba malasha mu Novembala 1984.

Chimene chinang'amba anthu kwambiri n'chakuti bungwe la ogwira ntchito m'migodi lija silinachititse voti ya dziko lonse yovomereza sitalakayo. Ambiri a m'migodi ya m'chigawo cha Nottinghamshire anapitiriza ntchito, ndipo miyezi itapita ena a ku Yorkshire nawonso anabwerera, akulowa pachipata m'mabasi otchingidwa ndi mawaya m'mawindo, apolisi akuwaperekeza, anzawo akuwakuwiza. Kwa munthu amene anapirira mpaka pa 3 Malichi 1985, tsiku limene anagwirizana zothetsa sitalakayo osapata kanthu, wobwerera msangayo anagulitsa mudzi. Ife tikuona kuti bambo amene ana ake ankagona ndi njala si woti tingamuweruze mopepuka, komabe sitingauze wopirirayo kuti angoiwala.

Palinso bala la ku Orgreave, fakitale yowotchera malasha ya ku Yorkshire komweko, kumene pa 18 Juni 1984 apolisi okwera pamahatchi anathamangitsa ndi kumenya onyanyala. Anthu 95 anaimbidwa milandu, koma milanduyo inagwa m'khoti chifukwa umboni wa apolisi unali wosadalirika. Migodi inatsekedwabe umodzi ndi umodzi, mpaka wakuya womaliza, wa Kellingley, unatsekedwa mu Disembala 2015.

Musayese kuwayanjanitsa agogowo mokakamiza, ndipo musafunse pagulu kuti anabwerera kuntchito ndani. Dziwitsani akuluakulu a pantchito panu kuti aziwakhazika motalikirana pa nthawi ya chakudya, ndipo wina akayamba yekha kusimba za chaka chimenecho, khalani pansi mumumvetsere mpaka amalize.