Musasayine kaye mgwirizano wa intanetiwo

Achimwene, mgwirizano wa miyezi 12 wa intaneti ya pashopu yanu ku Kasungu musausayine lero. Pitani nawo kunyumba, muwerenge tizilembo ting'onoting'ono ta kumapetoto.

Yambani ndi liwiro. A kampani ya intaneti akalemba kuti "up to 10 Mbps", 10 ndi polekezera, si lonjezo. Madzulo anthu akachuluka pa netiweki mutha kupeza 2 yokha, iwo osaphwanya pangano lililonse. Auzeni alembe liwiro lotsikitsitsa. "Unlimited" (intaneti yopanda malire) nayonso kawirikawiri imakhala ndi msampha: mukadutsa ma GB akutiakuti, amatsitsa liwiro mpaka mwezi uthe. Nambala imeneyo ioneke papepala, za pakamwa sizigwira.

Kenako rauta (kabokosi kogawa intaneti) ndi mlongoti wa padenga: nzanu kapena nzobwereka? Zikapsa ndi mphenzi m'dzinja, kapena magetsi akabwerera mwamphamvu, alipire ndani? Ngati amisiri awo amachokera ku Lilongwe, alembe kuti adzafika pasanathe maola angati, komanso ngati adzakubwezerani masiku amene intaneti inaduka.

Ndime imene ambiri amalira nayo ndi ya mtengo. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, mitengo yambiri inakwera. Onani ngati angakweze pakati pa mgwirizano, ndiponso ngati mungatuluke osalipira miyezi yotsala.

Sungani malisiti ndi mauthenga onse. Akakana kukuthandizani, dandaulani ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, kapena ku CFTC, bungwe loteteza ogula. Ngati chindapusa chotulukira nchachikulu, loya aone kaye musanasayine.