Hibiscus wanu musathamangire kumuzula, Mayi

Imelo ya mayi wina wa ku Tsangano yandikhalitsa pansi sabata ino. Anagula mbande za hibiscus wamaluwa ofiira aakulu mumzinda wa Tete, n'kukwera nazo chapa mpaka kwawo. Zinakondwa dzinja lonse, koma Julayi atangolowa masamba anada n'kuyoyoka. Akufunsa ngati azule, komanso maluwa amene angapirire chisanu cha kuno kumtunda.

Musazule, Mayi. Kandani khungwa ndi chikhadabo m'munsi, pafupi ndi dothi. Mukaona kubiriwira mkati, mtengowo uli moyo ndipo udzaphuka kukayamba kufunda.

Funso lanuli landifika pamtima chifukwa ndinakulira kwa agogo anga aakazi m'dera la Domwe, munsi mwa phiri lija lopitirira mamita 2,000. Agogo anali ndi hibiscus mmodzi yekha, wamtundu womwewu, kuseri kwa khitchini. Khomalo linali la njerwa zootcha ndipo linkayang'ana kumpoto, kumene dzuwa limapendekera mu Juni ndi Julayi. Masana njerwa zinkamwa dzuwa, mkati moto unkayaka, ndiye usiku khoma linkafunditsa mtengo. Madzulo agogo ankatuluka kukayang'ana kumwamba. Kukakhala mitambo kapena mwera ukuwomba, ankabwerera m'nyumba osadandaula. Koma mphepo ikati zii, nyenyezi zili mbuu, ankatiitana adzukulu kuti titenge masaka akale ndi udzu wotsala pofolera nkhokwe. Tinkazika timitengo tinayi, kuyala masaka pamwamba mpaka kukhudza pansi, udzu kuunjika patsinde. M'mawa, zala zitauma, tinkavundukula kuti mtengo uwone dzuwa. Udzu wa pabwalo unkakhala utayera, ukulira khirichi khirichi pouponda, koma pansi pa masaka masamba ali bwinobwino.

Azakhali anga anadula nthambi pamtengo womwewo n'kukabzala kwawo, kumunsi, pafupi ndi dimba. Mtunda wake woyenda wapansi mphindi zochepa chabe. Chaka ndi chaka kukacha ankapeza masamba ali lende, akuda ngati chisoso chowiritsa. Ena ankati ndi dzanja lawo. Ayi ndithu, silinali dzanja. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku wopanda mphepo umatsetsereka n'kukadikha kudambo. N'chifukwa chake nyemba ndi tomato za m'dimba zimawauka pamene za pamtunda zapulumuka. Azakhali ankawakonda maluwa aja, ndipo zinkandiwawa kuwaona akudziimba mlandu pa chinthu chimene chinali cha malo.

Hibiscus ameneyu, amene akatswiri amamutcha Hibiscus rosa-sinensis, ndi mwana wa kotentha. Kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10 amaleka kukula, masamba n'kuyamba chikasu. Mame akaundana ndiye amawaukiratu. Abale ake mukuwadziwa: therere, thonje, chidede, limanda, ngakhale mlambe, onsewa ndi banja limodzi. Nanga pochoka ku Tete kudzera ku Moatize, simuona mmene milambe imatherapo msewu ukayamba kukwera? Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, mamita osafika 200 kuchokera pamlingo wa nyanja, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40. Ulongué ali pamwamba pa mamita 1,200, Tsangano kuposa pamenepo, ndipo mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mbande yoleredwa pakati pa milambe singadziwe za usiku wa ku Tsangano.

Apa ndilankhule mosabisa mawu. Wogulitsa mbande amene safunsa kumene mukupita nazo akukulakwirani. Amadziwa bwino kuti duwa lofiira lili pachithumbacho ndi limene likugulitsa, za Julayi alibe nazo ntchito. Komanso ifeyo eni ake a kumtunda tili ndi kamtima kofuna kuti pakhomo pathu pafanane ndi pa hotela ya ku Tete kapena ku Beira, ngati kuti chisanu chathu n'chochititsa manyazi. Ine zimenezi ndimakana. Chisanu chomwechi ndi chimene chimatipatsa mbatatesi zimene zimadzaza magalimoto, tirigu wa ku Tsangano, kabichi, nsawawa, adyo. Mtengo wa pichesi sungabereke bwino usanagone m'chisanu masabata angapo, n'chifukwa chake m'chigwa simudzaupeza utalemedwa ndi zipatso ngati kwathu kuno. Anthu a kotentha amasirira marozi athu, ife tili kalikiliki kulimbana ndi maluwa awo.

Chidede ndiye chimandisangalatsa nzeru zake. Mumafesa ndi mvula yoyamba, chimachita maluwa masiku akayamba kufupika, mumakolola, chisanu pofika ntchito yake yatha. Amene akufuna duwa la banja limeneli popanda masaka ndi udzu ayambire pamenepo, apezanso ndiwo ndi chakumwa.

Ndiye mubzale chiyani?

Marozi, agapanthus, lavender, rosemary, hydrangea pamthunzi wa chinyontho, ndi calendula wofesa mu Epulo kuti achite maluwa m'nyengo yozizira. Geranium amapirira chisanu chopepuka akakhala pakhonde. Ngati mtima uli pa hibiscus basi, funani Hibiscus syriacus, duwa la fuko la South Korea. Maluwa ake ndi ocheperako, oyera, apinki kapena ofiirira, amagwetsa masamba kukazizira, koma amapirira mpaka madigiri 20 pansi pa ziro, kuzizira kumene kuno sikufika. Ndipo musanagule chilichonse, yendani m'mudzi mwanu mu Ogasiti, muwone chimene chatsala chobiriwira pakhomo pa anzanu, mupemphe kanthambi.

Wanu wowaukayo, nthambi zakufazo zisiyeni kaye, zikuteteza za m'munsi. Thirirani pang'ono m'mawa, dothi lisaume gwa, chifukwa dothi lachinyontho limasunga kutentha. Feteleza wa urea ayi mpaka kutafunda, amatulutsa nsonga zanthete zimene chisanu chimayambira kudya. Mu Seputembala dulani mpaka pamene pali pobiriwira, ndipo mvula ikakhazikika mu Disembala mumusamutsire pakhoma loyang'ana kumpoto, kumtunda kwa bwalo lanu.