Jakisoni woimitsa msambo pomwe iwe ukufuna mwana: ndikuyankha achemwali a ku Moatize

Imelo yanu ndaiwerenga katatu achemwali, kachitatuko ndili pa shapa yochokera ku Tete kubwerera kwathu ku Ulongwe, mpaka mayi amene ndinakhala nawo pampando anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi. Mwati muli ndi zaka 36, anakupezani ndi adenomyosis, matenda a chiberekero, mazira anachotsa kale ku Johannesburg n'kuwakumanitsa ndi umuna kunja kwa thupi, njira ija amati IVF, ndipo timiluza tiwiri tili mufiriji, koma dokotala akuti muyambe mwabayitsa jakisoni woimitsa msambo miyezi itatu asanakuikeni kamluza m'chiberekero. Ndiye mukufunsa kuti kodi uku sikutaya nthawi?

Funso lomweli ndinafunsa ine, ndipo ndinafunsa mokalipa.

Ine cham'mimba chinandiyamba ndili mtsikana, koma chinafika poipa nditakwatiwa. Masiku awiri oyamba a kumwezi ndinkachita kukwawa, zoona kukwawa ngati mwana kuchoka kuchipinda kupita kubafa, magazi ake otuluka zibuma, thewera la pa shopu silinkakwana ola, usiku ndinkayala zitenje ziwiri pansi panga ndipo m'mawa ndi ine pamjigo anthu asanadzuke kuti asaone. Bizinesi yanga ndi ya mbatatesi, ndimagula ku Tsangano ndi kuno ku Angónia n'kutumiza ku Tete, ndiye taganizani uli pamwamba pa matumba mulole, dzuwa la ku Tete lija lakuphika, m'mimba ngati wina akupotokola nsalu yonyowa. Tsiku lina ndinakomoka pamsika, anthu n'kumati ndi mimba. Mimba yake iti.

Ndipo aliyense, amayi anga, azakhali, anamwino, mawu ake anali amodzi: ukadzabereka zidzatha. Ayi ndithu mawu amenewa ndimadana nawo mpaka lero. Munthu akukuuza kuti mankhwala a matenda ako ndi mwana, chikhalirecho matendawo ndi amene akutchinga mwanayo.

Zaka zinayi tili m'banja opanda kanthu. Kwathu kuno mukudziwa, mkazi amaitanidwa ndi dzina la mwana, amake uje, amake uje, ine ndinangotsala ndi dzina langa la pa ubatizo ngati kamtsikana ka sukulu. Apongozi anga si anthu oipa ayi, koma anabwera ndi mizu ya kwa sing'anga wina wa ku Domwe, yowawa ngati ndulu, ndinamwa miyezi iwiri chifukwa cha ulemu. Kutchalitchi anandipempherera. Wina anati ndinamangidwa ndi mkazi amene bambo akunyumba anamusiya kale, wina anati ndinachotsapo mimba ndili mtsikana, ameneyu sindimulankhula mpaka pano ndipo sindikufuna wondiyanjanitsa naye.

Kuchipatala china, dzina sinditchula, anandipanga sikani ya pamimba ija yopaka mafuta ozizira n'kundiuza kuti ndi zotupa za m'chiberekero, mioma, basi pitani muzikamwa ibuprofeno. Chaka chathunthu ndikuyenda ndi dzina la matenda lolakwika. Kenako dokotala wina wachizimayi anapanga sikani yolowetsa kumusi, anakhala chete nthawi yaitali akuyang'ana pa kompyuta, n'kulemba pa pepala mawu amodzi a Chipwitikizi, adenomiose, ndiye adenomyosis yomweyi. Anandijambulira pa pepala lomwelo. Anati chiberekero chili ndi kansalu kam'kati kamene kamayoyoka mwezi ndi mwezi, ndiye msambowo, ndipo kunja kwake kuli mnofu wokhuthala. Kwa ife kansalu kaja kamamera kulowa mu mnofumo, ndiye mwezi ukakwana nakonso kamatupa ndi kukha magazi m'kati mwa mnofu momwe mulibe potulukira. Chiberekero chimakula, chimalemera, chimapweteka, ngakhale pokhala malo amodzi ndi bambo. Ndinalira, osati chifukwa cha mantha koma chifukwa kwa nthawi yoyamba munthu anandiuza kuti sindikudzipangitsa.

Anandiuzanso zoona zake zosakoma. Matendawa amadya estrogen, homoni yachikazi ija, n'chifukwa chake amazilala okha mkazi akasiya kusamba. Chothetseratu ndi kuchotsa chiberekero. Zochepetsa ululu ndi magazi zilipo, lupu ya mankhwala ngati Mirena, mapilitsi olera, koma zonsezo zimatseka mimba. Ndiye ukhala pakati ngati mbuzi yomangidwa zingwe ziwiri, uku ukufuna kupuma ku ululu uku ukufuna mwana.

Apa ndipatuke pang'ono chifukwa zimandiwawa. Zaka zonse zija ine ndikumwa mizu, ndikubayidwa, ndikujambulidwa machubu ndi mankhwala aja amawawa ngati akukuthira moto, palibe ndi mmodzi yemwe amene anati bambowa akayezetse. Palibe! Kuyeza umuna ndi chinthu chophweka kuposa zonse zimene ine ndinadutsamo, kabotolo kamodzi basi, koma kunena zimenezo pamudzi zili ngati watukwana mfumu. Anga anakana chaka chathunthu, ati ine ndili bwinobwino. Atapita anapezeka kuti mbewu zawo n'zochepa. Sindikunena izi kuti ndiwachititse manyazi, tinagwirizana kuti ndikhoza kulemba, koma azimayi a kuno tasenza mlandu wa anthu awiri kwa nthawi yaitali ndipo ine ndatopa nazo. Inu mwafika kale pa IVF ndiye anu anayezetsa, koma amene mukuwerenga muli kumayambiriro, musamwe kanthu kalikonse bambo asanapereke kabotolo.

Za ndalama ndisayambe, tinagulitsa ng'ombe za bambo anga zimene anandisiyira, ndi puloti ya ku Matundo, tinalowa chilimba ziwiri nthawi imodzi. Ulendo wake wa basi kudutsa pa Cuchamano, Harare, Beitbridge, ufike ku Johannesburg miyendo itatupa ngati mitondo. Ndipo pamudzi tinanama kuti tikukaoda katundu, poti ukanena kuti mwana akapangira m'botolo mawa lake mudzi wonse udziwa ndipo mwanayo adzakula akulozedwa chala. Chonsecho mwana woyamba wobadwa mwa njira imeneyi, Louise Brown, anabadwa mu 1978 ku England, pano ndi mayi wamkulu ali ndi ana akeake obereka yekha.

Ulendo woyamba ndine ndinakakamira. Anandibaya majakisoni okhwimitsa mazira masiku khumi ndi kanthu, anachotsa, timiluza tinapangika titatu. Dokotala anati tiumitse tonse, chiberekero chanu chatupa ndi mahomoni amenewa, tichiziziritse kaye. Ine ndinati ayi adokotala, ndachokera kutali, ndalama ya ulendo wina ndilibe, ikani pompano. Anandifotokozera kawiri, ine osamva, mwini thupi ndine, anaika kamodzi. Mimba inagwira. Ndinabwerera ku Ulongwe ndikuyenda ngati ndasenza mazira pamutu, ndinauza amayi anga okha. Sabata yachisanu ndi chiwiri ndinapita padera, usiku, mvula ikugwa.

Sindinganene kuti ndikanadikira sizikanachitika, kupita padera kumachitika ngakhale kwa amene alibe vuto lililonse, ndipo ife a adenomyosis chiopsezo chake n'chokwererapo. Koma chimene chimandidya n'chakuti ndinasankha ndi mantha, mantha a ndalama ndi mantha a apongozi, osati ndi mutu.

Ndiye za jakisoniyo

Amene ndinabayitsa ine ulendo wachiwiri ndi Zoladex, dzina la mankhwala ake goserelin, amabaya pakhungu la pamimba masiku 28 aliwonse, singano yake ndi yonenepa musayang'ane. Ntchito yake ndi kugoneka timatumba topanga mazira kuti estrogen itsike, ndiye matenda aja amasowa chakudya, chiberekero chimaphwa. Thupi limakhala ngati la mayi wosiya kusamba, kwa kanthawi. Sabata yoyamba kapena yachiwiri ululu utha kukwera kaye usanatsike, musadabwe. Kenako kutentha thupi kobwera mwadzidzidzi, thukuta usiku, kuuma kumusi, mutu, kupsa mtima. Ine ndinali ku Ulongwe mu Juni kozizira anthu atavala majekete awiri, ine ndikudzipepesa ndi chivindikiro cha poto. Inu ku Moatize ndi kutentha kwa kumeneko ndiye konzekani ndithu, ndipo bambo akunyumba muwachenjeze kuti mkazi amene akalipe miyezi itatuyi si inu ndi mankhwala. Samapereka kwa nthawi yaitali, kawirikawiri sapyola miyezi 6 chifukwa amafooketsa mafupa, ndipo zikakukulirani pali mapilitsi ochepetsa zovutazo, funsani.

Koma mvetserani ichi, chifukwa ndi chimene ine palibe anandiuza momveka ulendo woyamba. Chimene chimakalamba msanga mwa mkazi ndi mazira, makamaka kupyola zaka 35. Anu anachotsa kale. Timiluza tanu tili pa madigiri 196 pansi pa ziro, sitikukalamba, tidzakhala ta mkazi wa zaka 36 ngakhale mutadikira mpaka chaka chamawa. Ndiye miyezi itatuyi simukutaya kanthu kumbali ya mazira, mukulima munda mbewu ili kale munkhokwe. Madokotala sagwirizana onse kuti jakisoniyu amathandiza mkazi aliyense, zimatengera kukula kwa chiberekero ndi momwe matenda afalikira, ndiye afunseni anu kuti chiberekero chanu n'chachikulu bwanji pano ndipo adzayezanso liti kuti aone ngati chaphwa. Koma mukandifunsa ine, mwini kupita padera, ndikuti bayitsani.

Zinazo mwachidule poti ndalemba kale zambiri. Yezetsani magazi, ambiri a ife ndi ochepa magazi chifukwa cha msambo wochuluka, mapilitsi a ayironi aja a sal ferroso amathandiza, ndipo folic acid muyambe pano osadikira mimba. Ibuprofeno ndi diclofenac musamangomwa nthawi yoikidwa kamluza ikayandikira, paracetamol ndiye amaloleza, koma funsani dokotala wanu. Mizu ndi zamabotolo za pa Facebook zotsuka chiberekero zisiyeni, ndipo ngati mwamwapo muuzeni dokotala osachita manyazi. Jakisoni wachiwiri ndi wachitatu funsani ngati mungabayitse konkuno kuti musawononge ya basi, kungoti muonetsetse kuti mankhwalawo apezeka tsiku lake lisanafike, ine wachiwiri ndinachita kukamusaka ku Lilongwe kudzera pa Calómuè nditatsala ndi masiku awiri. Mimba ikagwira sikelo muyambe msanga ndipo muwauze za adenomyosis, aziyang'anira BP ndi zizindikiro zobereka masiku asanakwane.

Apongozi mudziwa nokha chowauza. Ine ndinawauza kuti adokotala andiletsa mizu, anakwiya sabata ziwiri kenako anabwera ndi nkhuku.

Mwina mukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji kwa ine. Nditamaliza miyezi itatu ija anaika kachiwiri, sikanagwire. Inde, ndinachita zonse bwinobwino ndipo sikanagwire, sindikunamizani kuti jakisoni ndi matsenga. Chimene ndinapeza ndi miyezi itatu yopanda kukwawa, yoyamba chiyambire utsikana wanga, ndinanenepa, ndinapita ku ukwati wa mng'ono wanga nditavala zoyera osaopa kuima pampando. Katsala kamodzi ku Johannesburg, timalipira ya firiji chaka ndi chaka. Mbatatesi ikayenda bwino chaka chino ndiyambiranso jakisoni mu Meyi kuti kutentha thupi kudzandipeze nyengo yozizira. Mundilembere mukabayitsa woyamba, mundiuze ngati nanunso munayang'ana singano ija.