Kodi "estuary" ndi "flounder" tiziti chiyani m'Chichewa?

Bambo wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera kuti: "Mdzukulu wanga amawerenga za nsomba zotchedwa flounder, mmene zimasherana malo mu estuary. Ndinasowa mawu omufotokozera m'chinenero chathu. Kodi alipo?"

Alipo, bambo. Koma choyamba, "kusherana" ayi! Mawu amenewa amandipweteka m'khutu. Kugawana kunalakwa chiyani?

Estuary ndi mathiriro. Tamverani kukoma kwake: kuthira, kuthirira, mathiriro. Mtsinje uli ngati mayi wothira madzi mumtsuko, ndipo pamene ukuthirapo m'pamathiriro. Agogo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Nkhotakota, ankati "kumathiriro a Bua" akamasimba za mpasa zokwera mtsinje kukaswana. Ena amati matsiriro, kuchokera ku kutsira, ndipo sindikangana nawo. Chofunika n'kuwonjezera kuti "a kunyanja ya mchere", chifukwa Bua amathira m'madzi ozuna, pamene Pungwe, mtsinje wochokera kumapiri a Nyanga kuno ku Zimbabwe, amakakumana ndi madzi amchere ku Beira. Kusakanikirana kumeneko ndiye nkhani yonse.

Flounder ilibe dzina kwathu, poti si ya m'nyanja yathu. Ine ndimati nsomba yaphanthiphanthi. Imaswedwa ndi diso uku ndi uku ngati chambo, koma ikamakula diso limodzi limasamukira mbali inayo, n'kuyamba kugona cham'mbali pansi, maso onse ali kumwamba.

Tsono kugawanako kuli pawiri, ndipo Chichewa chimasiyanitsa bwino. Kugombe la kummawa kwa America, mtundu wotchedwa winter flounder umaswana m'mathiriro nyengo yozizira, pamene summer flounder imachulukamo kukafunda, n'kukaswana kunja, m'nyanja yaikulu. Kumeneko n'kusinthana, monga amachitira alonda. Ngakhale zikumane siziphangirana kwenikweni: yoyambayo ndi yakamwa laling'ono, imatola nyongolotsi, inzakeyo ndi yakamwa lalikulu lamano, imagwira nsomba zinzake. Koma chakummwera, southern flounder imakonda matope ndi madzi a mchere wochepa, pamene Gulf flounder imasankha mchenga ndi mchere wambiri. Uku ndiye kugawana malo kwenikweni, aliyense ndime yake.

Mdzukuluyo akanena kuti "hove", monga amachitira ana athu obadwira kuno, musamukalipire, bambo. Ndi Chishona chabwinobwino. Inu mungomuyankha kuti "nsomba", ndipo mubwereze mawu akuti mathiriro mpaka amukhale pakamwa.